Madzi Otentha M'botolo la Kamandala

1. Botolo lachiwiri

Pasukulupo panalibe amene ankamuitana ndi dzina lake lenileni. Kuyambira tsiku limene anabwera atavala magalasi aakulu ngati matayala a njinga, anzake anamupatsa dzina loti Kamandala, ndipo aphunzitsi nawo analitola. Anali mtsikana wa Fomu 3, wochepa thupi, wosalongolola, koma wokonda kufunsa mpaka munthu kutopa naye.

Mlungu umenewo sukulu yonse inali kalikiliki kukonzekera chionetsero cha sayansi. Ophunzira anawaika awiriawiri, ndipo opambana anali oti akapikisane ndi masukulu ena mumzinda waukulu. Kamandala anamuphatikiza ndi mnyamata wina amene anzake ankamutcha Phuma, chifukwa chilichonse ankachita mothamanga: kudya, kulemba, ngakhale kupemphera kumene.

Ntchito yawo inali yosonyeza mmene mpweya wina umasungira kutentha. Anali ndi mabotolo awiri aakulu apulasitiki, oonekera mkati. M'botolo lililonse ankathiramo madzi pang'ono a pampopi. Loyamba ankalisiya choncho, ndi mpweya wamba. M'lachiwiri ankaonjezamo soda ndi viniga, zimene zimachita thovu n'kutulutsa mpweya wa kaboni, womwe uja umatuluka tikaotcha malasha, nkhuni kapena mafuta a galimoto. Thovu likaphwa ankatseka mabotolo onse. Pachivindikiro chilichonse anaboolapo n'kulowetsa themometa, kagalasi koyezera kutentha. Akatero ankaimika mabotolowo padzuwa, pakhonde la kuseri kwa labu.

Vuto linali loti mabotolowo analibe nawo chifundo. Botolo la kaboni linkatentha ndithu kuposa linzake, koma kusiyana kwake kunali kamzere kamodzi pathemometa, zikakoma tiwiri. Tsiku lina kunachita mphepo, kusiyanako kunasoweratu.

"Oweruza adzayenera kubwereka magalasi akowo kuti aone chimene tikunena," ankatero Phuma.

Kutatsala tsiku limodzi kuti chionetsero chichitike, anaimikanso mabotolo aja. Posakhalitsa Madamu, mphunzitsi wawo wa sayansi, anatuma Kamandala kukasiya makope ku ofesi ya aphunzitsi. Pobwerako anapeza Phuma akuvinavina yekha pakhonde.

"Bwera udzaone. Lero zatheka."

Kamandala anawerama. Themometa ya m'botolo loyamba inali pamene inkakhala masiku onse. Ya m'botolo lachiwiri inali itakwera kutali, ngati ikufuna kuboola galasi.

Sanasekerere. Anakonza magalasi ake n'kuyang'anitsitsa. M'kati mwa botolo lachiwiri munali nthunzi, timadontho tikutsetsereka. Madzi anali atapyola kamzere kamene iye anajambula ndi cholembera. Atagwira kunsi kwa botolo anachotsa dzanja msanga. Linali lotentha ngati kapu ya tiyi, ndipo pulasitiki inali itakhwinyata pang'ono.

Anagwira botolo loyamba. Linali lofunda chabe.

2. Mayankho a Phuma

"Panafika ndani pano ine nditachoka?" anafunsa Kamandala.

"Palibe. Dzuwa basi."

"Dzuwa limathiranso madzi m'botolo?"

Phuma anaseka kuseka kosafika m'maso. "Iwe zinthu zikakanika umadandaula, zikatheka umadandaulanso. Ukufuna chiyani kwenikweni?"

Anatola chikwama chake kuti azipita, koma zipi inali yosatseka. Kamandala anaona fulasiki yofiira, yatsopano, ikusuzumira pakati pa mabuku. Chiyambire kumudziwa Phuma, anali asanamuonepo atatenga tiyi kusukulu.

"Fulasikiyo ndi ya ndani?"

"Ndabwereka."

"Kwa ndani?"

"Kodi unalembedwa liti upolisi?"

Kamandala anangoti phee, maso ali pa iye. Phuma sankatha kupirira munthu wokhala chete. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

"Tamvera. Zimene tikufuna kuuza anthu, kuti kaboni amatenthetsa dziko, ndi zoona kapena zabodza?"

"Ndi zoona."

"Ndiye vuto lili pati? Botololi likulankhula monong'ona. Ine ndangolithandiza kukweza mawu. Mawa anthu asanafike tithiramo madzi otentha pang'ono pokha, osati ngati lero, lero ndinachita kuchulutsa. Oweruza akaona, ulendo wa mumzinda ndi wathu."

"Nzeru imeneyi ndi yako?"

Phuma anakanda m'mutu. "Wina wake anandinong'oneza. Munthu wamkulu, wofunira sukulu yathu zabwino."

"Munthu wamkulu wake uti?"

"Zimenezo zisiye. Koma udziwe chinthu chimodzi. Ukakanena kwa Madamu, atichotsa tonse. Patebulo paja mayina athu ali limodzi."

Anatseka chikwama n'kuliyatsa liwiro kulowera kugeti. Kamandala anakhuthula mabotolo aja yekha, n'kukawasiya m'kabati ya mu labu.

3. Mawu a bambo ake

Bambo ake a Kamandala ankagwira ntchito pakampani youmba njerwa, kunja pang'ono kwa tauni. Ntchito yawo inali yoponya malasha mu uvuni. Madzulo amenewo anafika phulusa lili m'nsidze monga mwa masiku onse, koma sanapite kukasamba. Anakhala pampando wa pafupi ndi khomo, nsapato zili kuphazi. Mayi ake a Kamandala anali pamakina osokera, akupinda diresi la kasitomala.

"Iwe, bwera kuno," anatero bambo aja.

Kamandala anabwera n'kukhala pansi chapafupi.

"Lero akapitawo anandiitanira pambali. Akuti, 'Ndamva kuti kusukulu kuli mtsikana amene akukonza zoyalutsa utsi wa malasha pamaso pa alendo. Kodi si mwana wanu ameneyo?' Ine ndinangoti kakasi. Nkhani ya mwana wanga ndikaimvere kwa akapitawo?"

"Ababa, sitikutchula kampani iliyonse. Ndi sayansi chabe."

"Undimvetsere kaye, ndimalize. Iwe ukadali mwana, dziko sunalidziwe. Ine ndaona anthu ovala bwino akubwera ndi mawu okoma, akatero amakwera galimoto zawo n'kumapita, otsala ndi mavuto ndife. Kale tinkaotchera njerwa nkhuni. Anabwera n'kutiuza kuti tikumaliza mitengo. Tinamva, kampani inayamba kugula malasha. Lero malashanso alakwa. Mawa adzati kupuma kumene kwalakwa. Dzifunse, n'chifukwa chiyani nkhani imeneyi sakuinena okha aphunzitsiwo, akuikankhira pakamwa pa mwana? Kampani yomweyi ndi imene inakupatsani madesiki amene mumakhalapo. Mawa akapitawo adzakhala pampando wa alendo olemekezeka. Iwe udzalankhula, anthu adzaomba m'manja, udzabwera kunyumba. Lolemba wokaima pamaso pawo ndine. Paja nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Yunifolomu wavalayo, magalasi ali kumasowo, zonsezo zinatuluka mu uvuni umene uja. Usalole kuti munthu akusandutse mpeni wochekera dzanja limene likukudyetsa."

Makina osokera aja anali ataima.

"Mundilole ndifotokoze, ababa," anatero Kamandala.

"Fotokoza."

"Dzuwa likawala, kuwala kwake kumadutsa mumpweya popanda choletsa n'kufika pansi. Nthaka imatentha, madenga amatentha, madzi amatentha. Kenako kutenthako kumanyamuka kubwerera kumwamba. Mpweya wambiri umakusiya kudutsa. Koma kaboni amakugwira, n'kubweza kwina pansi pano. Ali ngati bulangete limene lafunditsa dziko lonse."

"Ndiye bulangete ndi loipa?"

"Limodzi ndi labwino. Popanda ilo dziko likanazizira moti chimanga kapena udzu sizikanamera. Koma tikamaotcha malasha, mafuta ndi nkhalango, tikuonjezera bulangete lina pamwamba pa linzake, pamene munthu wafunda kale."

"Utsi ndimauona ine tsiku ndi tsiku. Umakwera, mphepo imaumwaza, watha."

"Wakudawo umatha. Koma kaboni saoneka, ndipo akakwera amakhala m'mwambamo zaka zambirimbiri."

Bambo aja anapukusa mutu. "Chinthu chosaoneka, chosanunkha, chosagwirika. Ndiye kauvuni kathu kamodzi n'kamene kawotche dziko lonse?"

"Si kanu kokha. Ndi magalimoto, ndege ndi mafakitale a maiko onse, makamaka maiko olemera. Ngakhale zinyalala zowola ndi ng'ombe zimatulutsa mpweya wina wogwira kutentha chimodzimodzi."

"Wamva, mayi a mwana? Ng'ombenso zalowa m'mlandu."

Mayi aja anadula ulusi ndi mano. "Ine za ng'ombe sindikuzidziwa. Chimene ndikudziwa n'choti pamene tinkalowa m'nyumba ino ndinkasoka masana onse bwinobwino. Zaka zino likafika dzuwa pamutu, nsalu imandimata m'manja. Denga ndi lomweli."

Bambo aja anavula nsapato imodzi, n'kuigwira m'manja kanthawi.

"Mawa ndapempha kuti ndilowe masana," anatero. "Ndibwera ndidzalione botolo lakolo ndi maso anga. Likanena zoona, ndidzaona. Koma ngati pali kachinyengo, ngati akuphunzitsa kunamiza anthu pofuna kuipitsa ntchito yanga, usadzanditchulirenso za sukulu imeneyo."

Kamandala anapita kukatsuka mbale. Ankadziwa kuti kamzere kamodzi sikangawagonjetse bambo ake. Madzi a m'fulasiki ya Phuma akanawagonjetsa nthawi yomweyo.

4. Funso lozungulira

M'mawa mwake anafika kusukulu ena asanachuluke. Anapeza Madamu mu labu akupukuta matebulo, malaya atapinda m'mikono.

"Madamu, ndili ndi funso."

"Likanakhala tsiku lachilendo ukanapanda kukhala nalo. Funsa."

"Munthu akanena bodza laling'ono pofuna kuthandiza chinthu choona, walakwa?"

Madamu anasiya kupukuta. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anayang'ana kabati imene munali mabotolo.

"Khala pansi," anatero. "Ndikuuze chinthu chimene sichili m'buku lako. Anthu amene anapeza kuti kaboni akutenthetsa dziko sanachipeze tsiku limodzi. Anayeza mpweya, anayeza nyanja, anayeza madzi oundana a m'mapiri, chaka ndi chaka, ena mpaka kukalamba. Ndipo nthawi yonseyo panali ena owadikirira pakona, ofuna kuwagwira ndi kabodza kamodzi kokha. Ukudziwa chifukwa chake? Munthu amene sakufuna kumva choona safunika kuchigonjetsa chonse. Amangofuna agwire bodza limodzi mwa iwe, kenako aziuza aliyense kuti, 'Mwaona? Zonse zija n'zopeka.' Dontho limodzi la palafini limaononga ndowa yonse ya madzi akumwa. Ukanama pofuna kuteteza choona, sunachithandize, wachipereka m'manja mwa adani ake. Ndiponso uchenjere ndi munthu wokupatsa njira yachidule iwe usanamupemphe. Uzidzifunsa kuti iyeyo apindulapo chiyani. Sayansi si mpikisano wa amene wadabwitsa anthu kwambiri. Ukapeza chochepa, unene kuti n'chochepa. Ukapanda kupeza kanthu, unene kuti sunapeze. Mawu a munthu wotero ndi amene amalemera."

Anatolanso kansalu kake, koma maso sanawachotse pa mtsikanayo.

"Tsopano, pali chimene ukufuna kundiuza?"

Kamandala anaganiza za Phuma ndi mayina awo awiri patebulo limodzi.

"Ndikufuna kubwereka chidebe, Madamu. Ndiponso ndikupempha kuti ife tiyambe anthu atafika kale, aone chilichonse kuyambira pachiyambi."

"N'zokhazo?"

"N'zokhazo, Madamu."

Madamu analoza chidebe chobiriwira chimene chinali pansi pa sinki.

5. Pamaso pa anthu

Matebulo anawayala pabwalo, kutsogolo kwa holo. Panali gulu losefa madzi ndi mchenga, lina loyatsa kababu ndi mandimu, lina linapanga kagalimoto koyendera mphira. Makolo ankalowa pageti atavala zapatchuthi. Oweruza anali atatu, mayi mmodzi ndi abambo awiri ochokera kumasukulu ena.

Kamandala atafika patebulo lawo ndi chidebe, anapeza Phuma wafika kale. Mabotolo anali ataimikidwa, otsekedwa bwino, madzi ali m'kati. Chikwama chake chinali pansi pa tebulo.

"Zonse ndakonza," ananong'ona Phuma. "Lero ndathira mwanzeru. Iwe ungolankhula."

Kamandala anagwira botolo lachiwiri. Linali lotenthera, osati kwambiri, koma lotenthera ndithu, pamene dzuwa linali lisanafike n'komwe patebulopo.

Anakweza maso. Bambo ake anali ataima chapatali, chipewa chili m'manja, atavala jekete limene ankapita nalo kumaukwati. Oweruza anali akubwera.

Anatsegula mabotolo onse awiri n'kukhuthulira madzi m'maluwa.

"Ukutani?" anatero Phuma.

Kamandala anatembenukira kwa anthu. "Tikupempha kholo limodzi litithandize kutunga madzi pampopi apo, kuti aliyense aone kuti madzi a m'mabotolo onse ndi amodzimodzi."

Anthu anayang'anizana. Amene anatuluka pagulu anali bambo ake. Anatenga chidebe, anakatunga madzi, ndipo anathira okha m'mabotolo onse mpaka pakamzere. Anagwedeza botolo lililonse, analinunkhiza, anayang'ana ndi pansi pa tebulo pomwe. Ena anaseka, koma iwo sanaseke.

Kamandala anathira soda ndi viniga m'botolo lachiwiri. Thovu linakwera, ana aang'ono n'kuyandikira. Litaphwa anatseka mabotolo onse n'kuwasunthira padzuwa. Anafotokoza za kuwala kolowa, za kutentha kobwerera ndi za bulangete la kaboni. Mbali imene anayenera kunena Phuma anainenanso yekha, chifukwa Phuma anangoti duu ngati chitsa.

"Tsopano tidikire," anatero. Oweruza anapitirira kumatebulo ena. Bambo ake sanasunthe. Anaima pomwepo, padzuwa, akulondera mabotolo.

Oweruza ali pafupi kubwerera, pageti panalowa galimoto ya kampani ya njerwa. Munatuluka akapitawo, bambo wamtali, wa malaya oyera, makiyi akulira m'chiuno. Ahedi anathamanga kukawalandira n'kuwalozera mpando wa alendo, koma iwo sanapite kumpandoko. Anadutsa tebulo la mchenga, anadutsa la mandimu osayang'anako, n'kulunjika patebulo la Kamandala ngati munthu wodziwa njira.

"Awa ndiye mabotolo otchuka aja?" anatero mokweza, kuti oweruza amve. "Ine ntchito yanga ndi ya moto, kutentha ndimakudziwa. Mundilola ndigwireko?"

Sanadikire yankho. Sanafunse kuti la kaboni ndi liti. Anatambasula dzanja n'kugwira kunsi kwa botolo lachiwiri.

"Oweruza, tabwerani mudzagwire nokha. Madzi awa ndi..."

Anafinya botolo lija, anagwira linzake, anabwereranso ku lachiwiri. Kenako anayang'ana Phuma. Phuma ankayang'ana nsapato zake.

"Madziwo atani, bwana?" anafunsa mayi woweruza uja.

"Ayi, palibe. Ndimangoona."

"Ndatunga ndine madziwo, bwana," anatero bambo ake a Kamandala mwaulemu. "Pampopi apo."

Akapitawo anawayang'ana ngati akuwaona koyamba.

Mayi woweruza anawerama n'kuwerenga mathemometa onse awiri. "Kusiyana kulipo. Timizere tiwiri."

Kumbuyo kunamveka kuseka. Mnyamata wina anati, "Dzuwa lonseli kudikirira timizere tiwiri?"

"Mwana wanga," anatero woweruza wina, bambo wa imvi, "kusiyana kochepa chonchi kungachokerenso ku zinthu zina. Mwina botolo lina laima pabwino kuposa linzake. Ukutipo bwanji?"

"N'zoona, bambo," anayankha Kamandala. "Masiku ena tinkasinthanitsa malo a mabotolo, la kaboni linkatsogolabe pang'ono. Koma tsiku lina kuli mphepo sitinapeze kusiyana kulikonse. Botolo si dziko. Mpweya wa m'botolo ndi wochepa, pamene wa dziko ndi wautali kupita m'mwamba, ndipo ukusunga kutentha usana ndi usiku, chaka ndi chaka. Botololi likungoloza njira. Umboni weniweni ndi wa amene akhala akuyeza dziko lenilenilo. Komanso timizere tiwiri si tochepa. Kutentha kwa thupi la munthu kukakwera timizere tiwiri, timathamangira naye kuchipatala."

Bambo wa imvi uja analemba kanthu papepala lake, osaonetsa ngati wakondwa kapena ayi. Oweruza anapitirira.

Bambo ake a Kamandala anawerama, nkhope pafupi ndi galasi, n'kuyang'ana themometa iyi ndi iyo kwa nthawi yaitali.

"N'kochepa," anatero potsiriza.

"Eya, ababa."

"Koma kulipo." Anaweramuka n'kuvala chipewa.

6. Uthenga wa Lolemba

Opambana anali a gulu losefa madzi. Kamandala ndi Phuma sanatchulidwe. Anthu ataomba m'manja anayamba kubalalika, ena kukajambulitsa ndi ana awo.

"Waona?" anatero Phuma akulongedza mabuku mwaukali. "Ulendo wa mumzinda wapita. Wakhuta tsopano?"

"Zikanakhala kuti madzi ako aja anali m'botolo, bwenzi pano tili kuti?" anafunsa Kamandala.

Phuma anapitiriza kulongedza mabuku.

"Munthu uja sanafunse kuti botolo la kaboni ndi liti. Anadziwa pogwira. Anamuuza ndani?"

"Ine sindinadziwe kuti zikhala choncho. Anandiuza kuti akufuna sukulu yathu ipambane."

"Anakuuza ndani? Iwowo, kapena anatuma wina?"

Phuma anaponya maso kumbuyo kwa Kamandala. Anakolekera chikwama paphewa n'kuzemba kudutsa kuseri kwa holo. Kamandala atacheuka anaona chimene chinamuthawitsa. Akapitawo ankabwera, akumwetulira.

"Muli ndi mwana wanzeru," anauza bambo ake a Kamandala. "Wanzeru kwambiri. Simunatiuze bwanji?"

"Zikomo, bwana."

"Lolemba musalunjike ku uvuni. Muyambe mwafika ku ofesi. Bwana wamkulu akufuna kucheza nanu pang'ono." Anatembenukira kwa Kamandala, kumwetulira kuja kukadalipo. "Ndipo ngati sukulu ingamulole, mubwere nayenso mwanayu."

Anapita kugalimoto yawo, makiyi akulira m'chiuno. Madamu, amene anali chapafupi akusonkhanitsa mathemometa, anaima n'kuiyang'ana galimotoyo mpaka inatuluka pageti.

Kamandala ankadikira kuti bambo ake amukalipire. Ankadikira amve za nkhuyu ndi za dzanja lomudyetsa. Koma bambo aja anangonyamula mabotolo awiri aja, lina m'khwapa ili, lina m'khwapa ilo.

"Tiye undiperekeze pokwerera basi," anatero. "Amayi ako usawauze kaye za Lolemba."

Anayenda mpaka kutuluka pageti. Atafika pamene panalibe anthu, bambo aja anachepetsa liwiro n'kuyang'ana kumbuyo.

"Tsopano undiuze bwinobwino, usasiyeko kanthu. Madzi amene unataya m'maluwa aja anali otani? Nanga mnyamata uja ndi mwana wa ndani?"